Ndalipira K40,000 kuti andiwerengere nyenyezi pa WhatsApp, akuti ndi sayansi: review yanga

Amene mumakhalitsa pa TikTok ndi pa Facebook mwawaonapo anthu awa otsatsa zowerenga nyenyezi, amati tumizani tsiku lobadwa, nthawi ndi malo ndikuuzeni kuti ndinu munthu wotani, chikondi chanu chikulowera kuti, ndalama zibwera liti. Review iyi ndi ya sevisi imodzi yotero, ya mayi ena achimalawi amene amakhala ku Joni koma makasitomala awo ambiri ndi a kuno kumudzi. Dzina sinditchula, sindikufuna kugwetsera munthu bizinesi, komanso pali zina zomwe ndawayamikira. Chomwe chinandikoka ine ndi zomwe analemba potsatsa, akuti izi si zausing'anga, si zamizimu, ndi sayansi yeniyeni ya masamu yogwiritsa ntchito data ya NASA. Nde ine poti ndimaphunzitsa Physics pa sekondale ina yoyendera ndipo ana a Form 3 amandivutitsa ndi funso lomweli, sir kodi za ma star sign zija n'zoona, ndinati ngati ndi sayansi ndiye yalowa m'dera langa, tiyeni tiione.

Mtengo ndi umenewo, K40,000 pa phukusi lomwe amalitcha full chart. Mumatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya m'bale wawo amene ali konkuno, kenako sikirinishoti pa WhatsApp. Zomwe mumalandira ndi PDF ya Chingerezi yokhala ndi chozungulira chija chogawidwa pa 12 chodzaza timizere tofiira ndi tabuluu chomwe amati tchati, kuphatikiza voice note yaitali ya Chichewa chosakaniza, yanga inapitirira theka la ola, ndiye pambuyo pake mumaloledwa kufunsa mafunso. Pa nkhani yosamala kasitomala sindinganame, mayiwa ndi aulemu heavy, amayankha msanga, anati zifika Lachisanu ndipo zinafikadi Lachisanu, zomwe ma bizinesi ambiri a pa intaneti kuno zimawakanika.

Vuto linayambira pa nthawi yobadwira. Amafuna ola ndi mphindi yeniyeni chifukwa chomwe amati rising sign chimasintha pafupifupi maola awiri aliwonse, poti zigawo zonse 12 zimatulukira kum'mawa m'maola 24, ndipo akuti chimenechi ndi chomwe chimayala tchati yonse. Ndinaimbira masteni, yankho lawo linali loti unabadwa dzuwa litapendeka anthu akuweruka kudimba, kkkk basi ndi wotchi yathu imeneyo. Ndipo si ine ndekha, kulembetsa ana pobadwa kunayamba kukhala kokakamiza kuno cha mu 2015, ambirife tinalibe ndi ID yomwe mpaka kalembera wa 2017, ndipo pali agogo ambirimbiri omwe tsiku lawo lobadwa linachita kuganiziridwa pa mzere pomwepo. Mayi aja anati musadandaule achimwene pali njira yake, mungondiuza zinthu zikuluzikulu zomwe zinakuchitikirani, chaka chomwe bambo anamwalira, chomwe munayamba ntchito, chomwe munasiyana ndi chibwenzi, ine ndisankha nthawi yomwe ikugwirizana nazo. Ndinawauza. Ndiye mu voice note muja akuti mukuona, tchati yanu ikuonetsa bwinobwino kuti chaka chakutichakuti munakumana ndi chisoni chachikulu. Abale, nanga si ndakuuzani ndine? Ife kusukulu chimenechi timachitcha likasa, kulowa m'mayeso mayankho ali kale m'thumba.

Za data ya NASA zija si bodza ayi. Malo omwe pulaneti iliyonse inali pa tsiku linalake amawerengetseredwa molondola kwambiri, matebulo ake ndi aulere, ma app ambiri a astrology, zowerenga nyenyezi zomwezi, amatenga pomwepo. Ndinatsegula Stellarium, pulogalamu yaulere yomwe ndimagwiritsa ntchito m'kalasi, n'kuika tsiku langa ndi malo, ndipo ma digiri a pakati pa Jupiter, Saturn ndi dzuwa anagwirizanadi ndi za mu PDF. Ndiye gawo la masamu lakhoza. Koma kudziwa pomwe Jupiter anali ndi nkhani ina, kunena kuti poti anali pamenepo ndiye iwe uli ndi mtima wopatsa ndi nkhani inanso, ndipo NASA yo gawo lachiwirili ilibe nalo ntchito.

Pomwepo pa Stellarium ndi pomwe zinayamba kukoma. Ine ndinabadwa kumayambiriro kwa Ogasiti, PDF ikuti ndine Leo, mkango, koma kumwamba kwenikweni tsiku limenelo dzuwa linali mu gulu la nyenyezi la Cancer, mu Leo limalowa cha pa 10 Ogasiti. Chifukwa chake ndi choti dziko lathuli likamazungulira limagwedezekanso pang'onopang'ono, mzere womwe limazungulirapo umamaliza kuzungulira kamodzi pa zaka pafupifupi 26,000, ndiye nyenyezi zimaoneka kusuntha digiri imodzi pa zaka 72 zilizonse. Mgiriki wina, Hipparchus, anazindikira izi Yesu asanabadwe. Zigawo 12 za ma digiri 30 zija anaziyala ndi anthu a ku Babulo zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, ndipo pofika lero kusiyana pakati pa ma sign ndi nyenyezi zenizenizo kwafika ma digiri pafupifupi 24, kungotsala pang'ono chigawo chathunthu. Palinso gulu lina la nyenyezi, Ophiuchus, lomwe dzuwa limadutsamo kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Disembala koma pa tchati mulibemo.

Ndinawafunsa, ndipo apa ndiwapatse ulemu wawo, sanazembe komanso nkhaniyi amaidziwa. Anati astrology ya azungu, yomwe inatsatira Ptolemy, katswiri wakale wa zakuthambo wa ku Alexandria, sitsata nyenyezi zenizenizo koma nyengo za chaka, Aries amayamba cha pa 21 Malichi pomwe usana ndi usiku zimafanana, mayinawo angotsala ngati mayina chabe. Yankho labwino ndithu, ndi lomwe akatswiri awo amaperekanso. Koma nde nyengo za ndani? Aries akuti ndi chiyambi, mphukira, mphamvu zatsopano chifukwa ku Ulaya mu Malichi chisanu chimakhala chikutha mitengo ikuphuka. Kuno mu Malichi mvula ikupita kumapeto, tikudya mondokwa ndi maungu. Leo akuti ndi moto, kutentha, dzuwa lili pachimake, pomwe ine ndinabadwa mwera ukuwomba, chiperoni changodutsa kumene, anthu akuothera moto m'mawa. Ngati ndi nyengo zomwe zimaumba munthu, ife a kum'mwera kwa equator tchati yathu imayenera kutembenuzidwa, koma satembenuza, amangotipatsa yomweyo ya mwana wobadwira ku London. Apa anangoti mphamvu zake ndi za dziko lonse. Chabwino.

Ndipo ndikanapita kwa wowerenga nyenyezi wa ku India, iwo amatsata nyenyezi zenizeni, akanandiuza kuti ndine Cancer, munthu wamanyazi wokonda pakhomo, pomwe mayiwa akuti ndine mkango wokonda kuonekera. Onse awiri ali ndi makasitomala okhutira omwe amalumbira kuti zimagwira. Ku India ko nkhaniyi inafika mpaka kukhothi, mu 2001 bungwe loyang'anira mayunivesite linalola kuti astrology iziphunzitsidwa, asayansi ena anakasuma, mu 2004 khothi lalikulu linakana kuletsa. Koma khothi kukana kulowerera pa silabasi si umboni woti chinthu chimagwira ntchito.

Tsopano zolembedwa mu PDF mo. Ndisaname, powerenga koyamba zimakugwira. Akuti ndinu munthu amene mumaoneka wolimba kunja koma mkati mumadzikayikira, mumathandiza abale ambiri koma inu mukavutika palibe amakukumbukirani, muli ndi luso lomwe simunaligwiritse ntchito mokwanira, pali anthu apafupi omwe sakondwera ndi kupita patsogolo kwanu. Ndinati eeh mayiwa andiona. Kenako ndinakopera ndime zimenezo, ndinachotsa mawu oti Leo ndi mayina a mapulaneti, n'kutumizira anzanga a mu staff room aliyense payekha kuti ndakupezera zako, taona ngati zikugwirizana. Pafupifupi onse anabwera ndi ma emoji olira, wina mpaka anandiimbira kuti aise nambala ya mayiyo ndipatse. Ndipo anthu amenewa anabadwa miyezi yosiyanasiyana. Tangondiuzani, ndi Mmalawi uti wapantchito amene salipirira fizi mwana wa m'bale wake, ndipo ndi uti amene saganizako kuti pali wina akumuchitira nsanje?

Kasewero kameneka si kanga, anakayamba ndi mphunzitsi wa psychology wa ku America, Bertram Forer, mu 1948. Anapatsa ophunzira ake 39 mafunso oyeza khalidwe, kenako aliyense anamupatsa pepala loti izi ndi zotsatira zako, koma pepalalo linali limodzimodzi kwa onse, ziganizo zake anazitola m'kabuku ka astrology kogula pamsewu. Atawauza kuti apereke malikisi kuyambira 0 mpaka 5, avereji inali 4.26. Ku France Michel Gauquelin anachita zoposa pamenepo mu 1968, analengeza mu nyuzi kuti akupereka horoscope yaulere, kutanthauza lipoti la nyenyezi za munthu, onse omwe analemba anawatumizira imodzi yomweyo, ya dokotala wina dzina lake Marcel Petiot amene boma linamudula mutu mu 1946 chifukwa chopha anthu oposa 20, ndipo oposa 90 pa 100 aliwonse omwe anayankha anati ikunena za iwo ndendende. Ndiye munthu akandiuza kuti koma ine zanga zinagwirizana, ndimamukhulupirira kuti sakunama, zinagwirizanadi, kungoti zikanagwirizananso ndi neba wake.

Funso langa lomaliza kwa mayi aja linali lachindunji, mayi, inu mwalemba kuti ndi sayansi, ndiye inayesedwa kuti ndipo inakhoza bwanji? Voice note yomwe inabwera ndi yomwe yandipangitsa kulemba zonsezi. Anati achimwene, sayansi yanuyo singayeze chilichonse, mungaike chikondi mu labu? Mungayeze pemphero ndi rula? Komanso pali zinthu zambiri zomwe asayansi ankakana kale lero akuzivomera.

Apa ndikufuna tichedwepo pang'ono chifukwa theka la zomwe ananenazo ndi zoona, ndipo anzanga ambiri okonda sayansi amathamangira kunyoza osamvetsera. Mu 1975 asayansi 186, ena mwa iwo olandira mphoto ya Nobel, anasaina chikalata chodzudzula astrology. Carl Sagan, katswiri wa zakuthambo amene sankakhulupirira astrology ngakhale pang'ono, anakana kusaina. Anati chikalatacho chikuyankhula mwaufumu, ngati kuti tikhulupirireni poti ndife akuluakulu, komanso mfundo yoti palibe njira yodziwika yomwe mapulaneti angakhudzire munthu si yokwanira. Anapereka chitsanzo cha Alfred Wegener amene mu 1912 ananena kuti makontinenti amayenda, anthu anamuseka poti sankatha kufotokoza chomwe chimawakankha, mpaka m'ma 1960 umboni unachuluka aliyense anagonja. Ife tikukhala pa umboni wake, Nyanja ya Malawi ili mu chigwa chomwe chinabwera chifukwa chakuti nthaka ikung'ambika, a ku Karonga akukumbuka zivomerezi za mu Disembala 2009. Ndiye ine m'kalasi sindiuza ana kuti astrology ndi yabodza chifukwa Mars ali kutali kwambiri. Kutalika si nkhani. Chinthu chikhoza kugwira ntchito ife osadziwa kuti chikugwira bwanji.

Koma kuti tiyambe kufunsa kuti chikugwira bwanji, tiyambe taona ngati chikugwira n'komwe, ndipo ichi ndiye chimayezeka bwinobwino popanda kuika chikondi mu labu. Ukanena kuti ndipatse nthawi yobadwira ndikuuze khalidwe la munthu, wanena chinthu chomwe tingachiyese ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Shawn Carlson anachita zimenezo, zotsatira zake zinatuluka mu magazini ya Nature mu 1985. Anatenga akatswiri a astrology 28 omwe anzawo ankawalemekeza, ndipo ndondomeko ya mayesowo anagwirizana nawo asanayambe. Aliyense ankapatsidwa tchati ya munthu yemwe sanamuonepo ndi malipoti atatu a khalidwe, limodzi la mwini tchatiyo, awiri a anthu ena, kuti asankhe loona. Wongolota amakhoza kamodzi pa katatu. Iwo anati akhoza osachepera theka. Anakhoza kamodzi pa katatu. Pali ena omwe pambuyo pake anadandaula ndi momwe Carlson anawerengetsera manambala ake, ndipo kudandaula kotero n'kololedwa, ndi momwe sayansi imayendera, koma nkhani sinathere pa iye yekha.

Mayiwa amakonda kunena kuti za mu nyuzi zija za sign imodzi ndi zoseweretsa, chenicheni ndi tchati yonse. Pa theka loyambalo tikugwirizana, za mu nyuzi zinayamba mu 1930 ku Britain pomwe R. H. Naylor analemba horoscope ya mwana wachifumu Margaret mu Sunday Express anthu n'kuikonda, inali njira yogulitsira nyuzi basi. Koma tchati yonse nayo inayesedwa. Geoffrey Dean, amene poyamba anali wa astrology yemwe, ndi mnzake Ivan Kelly, mu 2003 anaunika anthu oposa 2,000 obadwira ku London mu sabata imodzi ya Malichi 1958, ambiri motalikirana mphindi zochepa chabe, kutanthauza kuti tchati zawo ndi zofanana pafupifupi chilichonse. Anthuwa anali akutsatidwa kuyambira ali ana pa kafukufuku wina wa zaumoyo, ndiye panali zinthu zoposa 100 zoti afananitse, nzeru za m'kalasi, nkhawa, ukali, ntchito, banja. Sanafanane kuposa anthu ongotoledwa mwachisawawa. Ndipo inu amene mumasiya munthu poti ndi Scorpio, David Voas wa ku yunivesite ya Manchester mu 2007 anaunika mabanja 10 miliyoni a mu kalembera wa 2001 wa ku England ndi Wales, kufuna kuona ngati ma sign ena amakwatirana kwambiri kuposa ena. Palibe chomwe anapeza. Pa anthu ochuluka choncho ngakhale kachikoka kakang'ono bwanji kakanaonekera.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amatchula Karl Popper, katswiri wa filosofi ya sayansi, amene ananena kuti mfundo ya sayansi iyenera kuika khosi pa mpeni, inene chinthu chomwe chikapanda kuchitika ivomere kuti yagwa. Chitsanzo chake chinali cha Einstein, amene ananena kuti kuwala kwa nyenyezi kumapindika kukamadutsa pafupi ndi dzuwa ndipo ananeneratu kuti ndi mochuluka bwanji, anthu anapita pa chilumba cha Príncipe kuno ku Africa ndi ku Sobral ku Brazil kukajambula kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, zikanakhala kuti sizinapindike nkhani ikanathera pomwepo. Fananizani ndi zomwe ndinauzidwa ine, akuti pakati pa Seputembala ndi Disembala pakhala kusintha pa nkhani ya ndalama, kukhoza kukhala kwabwino kapena kokuphunzitsani kanthu. Nanga chingachitike n'chiyani kuti mawu amenewa alakwe? Ndikakwezedwa pantchito akhoza, katapila akandigwira akhozanso.

Koma ine pa nkhaniyi ndimatsamira kwambiri kwa Thomas Kuhn, katswiri wa mbiri ya sayansi, amene anati vuto si loti astrology silosera zinthu zoyezeka, imalosera ndithu ndipo imaphonya, vuto ndi zomwe eni ake amachita akaphonya. A zanyengo nawo amaphonya, tonse tawatukwanapo, koma iwo amasunga zomwe analosera n'kufananitsa ndi mvula yomwe yagwadi, n'kukonza makompyuta awo, n'chifukwa chake El Niño wa 2023 mpaka 2024 ananeneratu miyezi ingapo chilala chisanafike ndipo njira ya Freddy ankaitsata tsiku ndi tsiku akadali pa nyanja. A zakuthambo ataona kuti Uranus sakuyenda momwe masamu amanenera sananene kuti mphamvu zake ndi zachinsinsi, Le Verrier anakhala pansi n'kuwerengetsera kuti payenera kukhala pulaneti ina yomwe ikumukoka, ndipo mu Seputembala 1846 Galle ku Berlin analoza telesikopu pomwe anauzidwapo n'kupeza Neptune. Tsono taganizani, a astrology anakhala zaka pafupifupi 2,000 akulemba tchati popanda Uranus amene anapezeka mu 1781, popanda Neptune, popanda Pluto wa mu 1930, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anati anzanga tchati zathuzi zikuperewera penapake, pali chinachake chomwe sitikuchiona. Atapezeka anangowalowetsa n'kuwapatsa ntchito. Mu PDF yanga Pluto ali ndi tsamba lonse.

Za Mercury retrograde ndingodutsapo mwachangu. Ndi zoona kuti katatu kapena kanayi pa chaka, kwa masabata atatu, Mercury amaoneka ngati akubwerera m'mbuyo, koma sabwerera, ndi maonekedwe chabe poti iye amazungulira dzuwa m'masiku 88 ndipo amatipitirira. Mayi aja anandichenjeza kuti nthawi imeneyo mafoni amavuta, netiweki imadukaduka, maulendo amasokonekera. Mayi, kuno zimenezo ndi chaka chonse, Mercury apite kutsogolo kapena chambuyo magetsi azimabe.

Chomwe chimandisangalatsa n'choti mwezi wobadwira umakhudzadi moyo wa munthu, ndipo ndi sayansi yomweyo inapeza. Kafukufuku wa m'midzi ya ku Gambia yemwe anatuluka mu 1997 anaonetsa kuti anthu obadwa m'miyezi ya njala ankamwalira kwambiri akadali achinyamata, makamaka ndi matenda opatsirana, kuyerekeza ndi obadwa nthawi yokolola. Ife sitikusowa kuuzidwa kuti mayi woyembekezera mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe ili mbee udzudzu uli ponseponse, sali chimodzimodzi ndi wa mu Juni. Ndiye asayansi saopa funso la tsiku lobadwa ayi, analifunsa, anapeza chakudya ndi matenda, Jupiter sanamupeze.

Tsopano malire a sayansi alipodi ndipo ndimawavomera. Sayansi singandiuze ngati ndikhululukire m'bale amene anandilakwira, singandiuze ngati uphunzitsi ndi ntchito yoti ndifere pomwepo, singayeze kuti imfa ya bambo anga ikutanthauza chiyani kwa ine. Komanso singatsimikize kuti kulibiretu kachikoka kalikonse kochokera kumwamba, chomwe inganene n'choti paliponse pomwe tayang'ana, ndi anthu masauzande mpaka mamiliyoni, sitinapeze kanthu, ndiye ngati kalipo ndi kochepa moti munthu sangakaone pa tchati ya kasitomala mmodzi pa WhatsApp. Mayiwa akanalemba kuti iyi ndi njira yakale yothandiza munthu kuganizira za moyo wake, ine review yanga ikanakhala yaifupi komanso yokoma. Chomwe sindingalole ndi kudya mbali zonse, potsatsa ndi sayansi ya masamu ndi NASA, ukafunsa umboni yasanduka chinthu chomwe sayansi singachifikire. Sankhani chimodzi mayi. Ngakhale Kepler, amene anapeza malamulo a kayendedwe ka mapulaneti omwe timaphunzitsa lero, ankalemba ma horoscope kuti apeze ya ndiwo, koma zomwe zinapirira mayeso a zaka 400 ndi malamulo ake aja.

Nanga zabwino zake? Voice note ija. Mayiwa amadziwa kumvetsera, ndipo ali ndi mawu odekha a munthu amene waona zambiri. Anakamba za chomwe amati Saturn return, poti Saturn amatenga zaka pafupifupi 29 ndi theka kuzungulira dzuwa, akuti munthu ukamayandikira zaka 30 umayamba kudzifunsa ngati njira yomwe watenga ndi yako kapena ya makolo. Saturn ndimuchotsepo, koma funsolo ndi lenileni, ndipo anandifunsa zinthu zomwe palibe amene anandifunsapo, monga kuti ndi liti pomwe ndinapanga chinthu chifukwa choti ine ndachifuna osati chifukwa abale akuyembekezera. Amuna kuno sitikhala pansi kukambirana zotere, kubawo timakamba za mpira ndi ndale basi. Ndiye ndikumvetsa chifukwa chomwe anthu amabwererako, wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo ambiri omwe amalipira ndalama imeneyi ndi anthu omwe zinthu zawathina. Kungoti amene zamuthina zenizeni, kusowa tulo, maganizo ofuna kudzivulaza, malo ngati St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi anthu omwe anaphunzira ntchito imeneyi. Za amene mukufunsa ngati ndi tchimo, kafunseni abusa anu kapena shehe, ine review yanga ndi ya zomwe ndinagula.

Zomwe sizinandisangalatse kwenikweni zinabwera kumapeto. Anandilangiza kuti ndisasaine pepala lililonse la ngongole kapena la malo mpaka Mercury atawongoka, komanso anafunsa tsiku lobadwa la amene ndili naye pa chibwenzi n'kunena kuti pali mkangano pakati pa Venus wake ndi Mars wanga, ndisamale. Munthu sanamuonepo, sakumudziwa ndi dzina lomwe. Ine ndinaseka, koma pali mtsikana kapena mnyamata wina amene angamve zimenezo ali kale ndi nkhawa n'kuthetsa chinthu chabwinobwino, kapena kutaya puloti yomwe anaisungira ndalama zaka. Kenako kunabwera kutsatsa kwina, mwala wovala m'khosi woti uchepetse mphamvu ya Saturn, ndi phukusi la mwezi ndi mwezi. Apa mpomwe kusiyana ndi asing'anga a pa mapepala omata pa mitengo ya magetsi kuja kunayamba kuchepa.

Malikisi anga, poti ntchito yanga ndi yomweyo: kusunga nthawi ndi ulemu 5 pa 5, kucheza ndi kumvetsera 4, PDF 2 chifukwa zikuoneka kuti ndime zambiri ndi zomwe pulogalamu imatulutsa yokha ndipo ma app aulere amakupatsa zofanana nazo, mawu oti sayansi 0. Ndalama sabweza mukatumiza, amanena okha poyamba. Ngati mwatsimikiza kuti mukufunabe, funsani ngati angakupangireni voice note yokha pa mtengo wotsika, ndipo musawauze mbiri yanu kaye, muone chomwe atulutse paokha.

China chomwe anthu sachiganizira, fomu yawo imafunsa dzina lonse monga lilili pa ID, tsiku lobadwa, boma ndi mudzi womwe munabadwira, ndipo nambala yanu ya foni ali nayo kale. Sindikunena kuti mayiwa ndi akuba ayi, koma zimenezi ndi zonga zomwe angakufunseni mukafuna kusintha PIN kapena kubwezeretsa SIM, ndipo zikukhala mu foni ya munthu amene simukumudziwa komanso ya m'bale wawo wolandira ndalama uja. Kuwerengetsera pomwe panali mapulaneti sikufuna dzina la munthu, ndiye pa dzinapo lembani lina lililonse, ndipo pa malo obadwira tauni yapafupi ndi yokwanira.